Nsambo iliyonse ndi utali wake

Pa gitala wamagetsi wamasiku onse, nsambo zonse 6 zimatalika mofanana: mainchesi 25.5 pa magitala ambiri a Fender, 24.75 pa a Gibson. Zimayenda bwino choncho mpaka woimba atalakalaka mawu akuya. Akawonjezera nsambo kuti zikwane 7 kapena 8, mavuto amayamba. Nsambo yotsikitsitsa ya gitala wa nsambo 8 imanjenjemera ka 46 pa sekondi, pafupi ndithu ndi nsambo yaikulu ya besi, imene imanjenjemera ka 41. Komatu besi ali ndi mainchesi 34. Mawu otere ukawapanikiza m'mainchesi 25.5, nsambo imakhala lende, n'kumamenya khosi la gitala. Ukaikapo yonenepa kuti ikungike, imauma, ndipo khutu limavutika kumva pamene noti yaima. Ukatalikitsa gitala yense, kansambo kopyapyala kamakungika mopyola, kamapweteka chala, kamaduka msanga.

Amene anamvapo babatoni wa Gasper Nali kapena wa Madalitso Band akudziwa kale kuti mawu akuya amafuna nsambo yaitali. Amisiri ena a magitala anavomereza zomwezo, napatsa nsambo iliyonse utali wake. Zikatero mafureti, tizitsulo topingasa pa khosi la gitala tija, sangaimenso mowongoka. Amapendekera, kuthinana mbali ya nsambo zopyapyala, kutayana mbali ya zonenepa. Nzeruyi ndi yakale: orpharion, choimbira cha ku England cha m'zaka za m'ma 1500, chinali ndi mafureti opendekera. Pa gitala wamagetsi anaidzutsa ndi Ralph Novak wa ku America, amene analandira umwini wake mwalamulo mu 1989 ndipo anayamba kupanga magitala a Novax.

Masamu ake si ovuta. Fureti ya nambala 12 iyenera kugawa nsambo iliyonse pakati penipeni, ndipo masiku ano makina oyendera kompyuta amacheka mipata ya mafureti mosaphonya. Luso lenileni lili pa funso limene makina sangayankhe: kodi fureti yowongoka ikhale pati? Pa khosi lonse pamakhala imodzi yokha yosapendekera, ndipo zina zonse zimapendekera kuchokera pa iyo. Mmisiri akaiika kutali, kufupi ndi mimba ya gitala, mafureti oyambirira amapendekera kwambiri, ndipo woimba amene amagoneka chala pa nsambo zonse pogwira makodi amapotokola dzanja mpaka kumva kuwawa. Akaikokera kumutu, kupendekera konse kumathawira kumunsi kumene nsambo zakocheza, ndipo dzanja lamanja, limene limagona pa nsambo kuti mawu asaluluze, limasowa pokhala. Ma pickup, tizipangizo totola mawu a nsambo, nawonso ayenera kupendekera, apo ayi nsambo ina imalira mokwinyirira inzake ikulira mowala. N'chifukwa chake ndimalemekeza mmisiri amene amayamba waona mmene mwini gitala amagwirira makodi asanagwire sowo. Gitala wopangidwira munthu mmodzi ayenera kudziwa dzanja la munthuyo.

Kukula kwa kusiyana nakonso n'kosankha. Sheldon Dingwall wa ku Saskatoon, ku Canada, amapatsa nsambo yaikulu ya besi wake wa nsambo 5 mainchesi 37, yaing'ono 34, ndipo mawu akuya a besi ameneyu amamveka bwino lomwe, noti iliyonse payokha. Gitala wa nsambo 8 wa Ola Strandberg wa ku Sweden amachokera pa 26.5 kufika pa 28. Apa kupendekera kuli ndi ntchito yomveka ndi khutu. Chimene chimandidandaulitsa ndi magitala amene amapendeketsedwa kuti aoneke amakono pa chithunzi, mwini wake asanadzifunse kuti akufuna mawu otani.

Dandaulo lalikulu lili kwa oimba. Gulu la Meshuggah la ku Umeå, ku Sweden, linamanga nyimbo zake pa nsambo zakuya, ndipo linali ndi chifukwa: gitala ndi ng'oma zimamenya pamodzi m'kayendedwe kolukanalukana. Ambiri owatsanzira anangotola nsambo yotsikitsitsayo n'kukhazikika pomwepo, zina 7 zili duu, woimba besi atasowa malo. Ntchito yonse ya mmisiri, yoti nsambo iliyonse ikhale ndi liwu lake, imapita pachabe. Tosin Abasi wa gulu la Animals as Leaders amayenda khosi lonse, chala chachikulu chikumenya kunsi zina zikuluka nyimbo kumwamba, ndipo pa magitala ake a Abasi Concepts umamva chifukwa chimene nsambo iliyonse yakhalirapo.

Koma amene amandikhutiritsa koposa ndi Charlie Hunter, woimba jazi. Novak anamupangira gitala wa nsambo 8, zitatu za besi ndi zisanu za gitala, gulu lililonse likupita ku amplifaya yake. Hunter amaimba besi, makodi ndi nyimbo nthawi imodzi, ndipo popanda mafureti opendekera nsambo za besizo sizikanalira ngati besi weniweni. Patapita zaka anachotsako nsambo imodzi n'kutsala ndi 7, kenako anafika pa 6, atapeza kuti zotsalazo zikukwanira nyimbo zimene amafuna kuimba.