"Amangokhala": mawu obisa thukuta la amayi

Ndikamaceza ndi omvera pa wailesi, ndimakonda kufunsa abambo kuti amayi a kunyumba amagwira nchito yanji. Ambiri amayankha kuti, "Sagwira nchito, amangokhala." Kumaofesinso amangolemba liwu limodzi papepala, doméstica, nkhani n'kuthera pomwepo. Mawu awiriwa ndikuwatsutsa, cifukwa cinthu cimene siciwerengedwa cimatayika popanda woyankhapo.

Kukhala kwake nkotani? Mayi wa ku Zóbuè amadzuka tambala woyamba, atunge madzi, ateleke phala, asambitse ana, kenako alowe kumunda. Wina akagonekedwa kucipatala, kaya ku Moatize kaya ku Mwanza, wophika, wocapa ndi wogona pansi pambali pa bedi amakhala mkazi. Bambo wa kumgodi wa malasha amafika pa nchito atakhuta, zovala zili zoyera. Malipiro amalembedwa dzina lake yekha, koma anawakhetsera thukuta ndi anthu awiri. Bungwe la ILO linawerenga mu 2018 kuti pa maola 100 a nchito yosamalira anthu yopanda malipiro padziko lonse, 76 amagwira ndi akazi.

Kuipa kwa kusawerenga kumeneku tinakuona ku Cateme. Mu 2009 ndi 2010 kampani ya Vale inasamutsa mabanja oposa 1,300 kuti ikumbe malasha, ambiri n'kupita ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kucokera ku Moatize. Nyumba ndi minda zinalowa m'kaundula. Nanga kufupika kwa mtsinje wa Revúbuè, nkhuni ndi msika wogulitsirako masamba, anaziika pa mtengo wanji? Lipoti la Human Rights Watch la 2013 linafotokoza za kuvuta kwa madzi ndi cakudya ku Cateme ndi ku Mwaladzi. Mjigo ukafa, amene amasenza ndowa mtunda wautali tonse tikumudziwa.

Ena amati nchito ya pakhomo ndi cikondi, siyigulidwa. Nzoona, ndipo sindikunena kuti bambo azilipira mkazi wake pakutha pa mwezi. Koma cikondi sicicotsa kutopa.

Pa 7 Epulo timagulira amayi kapulana pokumbukira Josina Machel. Caka cino tionjezepo ziwiri. Pa msonkhano wosankha malo a mjigo kapena cigayo, mfumu iyambe yamva amayi. Ndipo inu abambo anzanga, kukaca tengani ndowa mukaone nokha kutalika kwa njira, kenako mudzandiuze pa wailesi ngati kumeneko nkukhala.