Bandi Imene a Vladek Sanaimve

M'gawo lachiwiri la buku la nkhani zojambula la Maus, Art Spiegelman akufunsa bambo ake, a Vladek, za bandi imene inkaimba pachipata cha msasa wachibalo wa Auschwitz akaidi akamapita kukagwira ntchito. Art anawerenga zimenezi m'mabuku. Mkuluyo akukana, akuti zimene akukumbukira ndi kuguba basi.

Wolemba ndi mawu okha akanakakamizika kugamula mlanduwu. Spiegelman sanagamule. M'kabokosi koyamba anajambula oimbawo ndi zipangizo zawo. Bambo ake atakana, anajambulanso malo omwewo, koma tsopano mzere wa akaidi watsekereza bandiyo, ndipo pamwamba pa mitu yawo pakungooneka nsonga za zipangizo. Mawu ndi a bambo, chithunzi ndi cha mwana, ndipo palibe amene wanenedwa kuti ndi wabodza. Apa m'pamene pagona luso la nkhani zojambula: tsamba limodzi limasenza mboni ziwiri zosagwirizana.

Bukuli linayamba kutuluka pang'onopang'ono m'magazini ya Raw mu 1980, kenako m'magawo awiri, mu 1986 ndi 1991. Mu 1992 linalandira mphotho yapadera ya Pulitzer. Ayuda anajambulidwa ngati mbewa, Ajeremani ngati amphaka, anthu a ku Poland ngati nkhumba, zimene ambiri a ku Poland sanakondwe nazo, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka. Komabe taonani ntchito imene nyamazi zikugwira. A Vladek akamadzibisa kuti asadziwike kuti ndi Myuda, wojambula amangowaveka chigoba cha nkhumba kumaso, chomangidwa ndi chingwe kumbuyo. Mantha oti chingavuke nthawi iliyonse wowerenga amawaona yekha, osachita kuuzidwa.

Koma chithunzi pachokha sichingalankhule ngati a Vladek. Akamafotokoza ali kwawo ku Rego Park, mumzinda wa New York, Chingerezi chawo chimakhala chopotoka, cha munthu amene anachiphunzira atakula. Nkhani ikabwerera ku Poland, mawu awo amalembedwa m'Chingerezi chosalala, popeza kumeneko ankalankhula zilankhulo zakwawo. Nkhope ya mbewa sisintha kwenikweni. Amene amaulula kuti tili m'chaka chiti ndi malankhulidwewo.

Palinso tsamba limene a Vladek ndi akazi awo, a Anja, akuyenda osadziwa kolowera. Mawu akungonena za kusowa kopita, pamene njira zimene akupondazo zapindika n'kupanga chizindikiro cha chipani cha Nazi.