Nyimbo za ku Balaka ndi Ng'oma Zimene Zinasiyidwa

Anzanga ena muno m'koleji amati nyimbo za ku Balaka nzofanana zonse, ukamva imodzi wamva zonse. Ine ndikuti akunena zoona pang'ono, koma chifukwa chake sanachifufuze, ndipo chimene chiyenera kutidandaulitsa sichimenecho.

Chiyambi chake chili m'tchalitchi. Alleluya Band inabadwa mu 1978 pa parishi ya Akatolika ya ku Balaka, nthawi imene Balaka inali idakali mbali ya boma la Machinga, pakuti inadzakhala boma palokha mu 1998. Bambo Mario Pacifici, wansembe wochokera ku Italy, ndiwo anathandiza anyamata aja kupeza zoimbira, ndipo Paul Banda ndiye anali mtsogoleri wao. Womvetsera bwino amamva kuti reggae ya ku Balaka inakulira m'kwaya. Mmodzi amatsogolera, ena namavomera m'mawu atatu kapena anayi monga pa Misa, gitala saikalipitsa, kiyibodi imalira ngati limba la m'tchalitchi. Reggae ya ku Chileka, ya Evison Matafale ndi Black Missionaries, imaloza chala ndi kuopseza ngati mneneri wolusa. Ya ku Balaka imadandaula, imalangiza, imapepesa. Paul Banda ndi mkulu wa mpingo wokhala nawe pakhonde, ndipo ngakhale akudzudzule sakweza mawu.

Mng'ono wake, Lucius Banda, ndiye anaika minga m'kuimba kumeneku. Chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, chinatuluka mu 1994, chaka chimene ulamuliro wa chipani chimodzi unatha, ndipo nyimbo ya "Mabala" inanena poyera zimene anthu ankangonong'onezana kwa zaka makumi atatu. Ndikhulupirira kuti mphamvu ya Lucius sinali m'mawu a pakhosi, pakuti alipo ambiri omposa kutsetsereka kwa liwu. Inali m'Chichewa chake. Ankatenga chilankhulo cha pamsika ndi cha pamaliro, nachiyala m'mizere yaitali yosathamanga, kotero kuti mayi wogulitsa mandasi pa siteshoni ya sitima amamva kuti nkhaniyo ndi yake. Nchifukwa chake anamutcha Soldier, msilikali wa amphawi. Mu 1997 anayambitsa Zembani Band, ndipo oimba monga Billy Kaunda ndi Mlaka Maliro anadzera m'manja mwake.

Tsono apa mpamene ndimasiyana ndi omutamanda. Lucius ataimbira chipani cha UDF, nakhala phungu wa Balaka North mu 2004, anthu anayamba kumva nyimbo zake ndi khutu lina. Mawu amene kale anali kulira kwa mmphawi anayamba kumveka ngati mkangano wa andale okhaokha. Zoona, anazunzika nazo: mu 2006 anamangidwa pa mlandu wa satifiketi ya sukulu, ndipo mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika wailesi ya MBC inaleka kuulutsa nyimbo zake. Chimbale cha Cell 51 Maximum, chobadwa m'ndende, chili ndi ululu weniweni. Koma womvera amakhala ndi funso losam'chokera: kodi akudzudzula boma chifukwa amphawi akuvutika, kapena chifukwa chipani chake chili kunja? Pamene anamwalira ku South Africa pa 30 June 2024 anali mlangizi wa Pulezidenti Lazarus Chakwera. Sindimuweruza munthuyo, ndikungoti nyimbo ya "Mabala" sikadatheka kuimbidwa ndi mlangizi wa pulezidenti.

Za kufanana kuja, mlandu ndiuika pa makina. Pamene oimba ambiri ankajambulitsa ku situdiyo ya IY ya Paul Banda, ndi ena otsanzira m'matauni, ng'oma zinkachokera m'kiyibodi, ndipo kugunda kumodzi komweko kunkabwerezedwa chimbale ndi chimbale. Zinali zotchipa, ndipo popanda zimenezo ana a anthu osauka sakadatulutsa kaseti ngakhale imodzi. Komabe mvetserani Allan Namoko wa ku Thyolo ndi banjo yake: nyimbo imafulumira, imabwerera, imapuma monga munthu. Makina sapuma. Charles Sinetre ndi Coss Chiwalo ali ndi mawu osiyana ndithu, koma pansi pa mawuwo pamagunda mtima umodzi wachitsulo.

Chimene chimandipweteka koposa ndi ichi. Ukawoloka mtsinje wa Shire pa Liwonde, wafika pakati pa Ayao a ku Machinga, eni manganje ovinidwa pa zinamwali, eni beni wa mayunifolomu ndi malikhweru, eni sikiri ya Asilamu imene amuna amaimba ndi mpweya wa m'chifuwa popanda choimbira chilichonse. Ulendo wake kuchokera pa Balaka ngwosakwana ola limodzi pa basi. Koma anyamata a pa parishi anapita kukatenga kugunda kwa ku Kingston, Jamaica, nasiya ng'oma za pakhomo. Mwina mpingo ndi mzikiti sizinkabwerekana zoimbira masiku amenewo. Mwina wailesi inawaphunzitsa kuti chakunja ndicho chamakono. Daniel Kachamba anatenga kwela ya ku South Africa naisandutsa ya kwao ku Chileka mpaka mwini wake sangaizindikire. A ku Balaka anachita zimenezo ndi mawu, koma ng'oma sanaikhudze, ndipo manganje akumvekabe kwambiri pa zinamwali za mwezi wa August ndi September, pamene anyamata akutuluka ku ndagala.