Chikomekome cha Mkuyu: Maganizo pa Kanema wa Avatar

Kanema wa Avatar, amene James Cameron anatulutsa m'chaka cha 2009, ndinamaliza kumuonera maso atakhuta, koma mtima uli ndi njala.

Zokoma zake nzosabisika. Nkhaniyo ikuchitika m'chaka cha 2154 pa mwezi wotchedwa Pandora, kumene mapiri amalendewera m'mlengalenga ndipo nkhalango imawala usiku ngati yadzala ziphaniphani. Mphotho zitatu za Oscar zimene kanemayu analandira, zonse zokhudza kaonekedwe, zinamuyeneradi. Ndiponso pamene asilikali a kampani ya migodi akugwetsa mtengo waukulu umene unali mudzi wa mtundu wa Na'vi, pofuna miyala ya pansi pake, munthu aliyense amene makolo ake analandidwapo malo amamva chisoni chenicheni.

Koma tsono akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyerere yake ndi iyi: kanemayu amamvera chifundo anthu ofooka, koma sawakhulupirira.

Taonani a Na'vi. Akhala m'nkhalangomo mibadwo yosawerengeka, komabe pa tsiku la tsoka wowasonkhanitsa ndi Jake Sully, msilikali wa adani awo, amene waphunzira miyambo yawo miyezi itatu yokha. Ndiye amene akuweta chilombo chouluka chotchedwa Toruk, ndiyenso akutsogolera nkhondo. Nzoona kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kodi m'mudzi monsemo munalibe mwini lumo? Oponderezedwa apatsidwa kukongola, mlendo wapatsidwa nzeru.

Taonaninso Jake mwini wake. Iyeyu ndi wolumala miyendo, woyendera pa njinga. Chimwemwe chake chonse chili m'thupi lina, lalitali ndi lamphamvu, limene akulowamo kudzera m'makina, ndipo pamapeto pake akusiyiratu thupi lake lobadwa nalo monga munthu ataya nsanza. Apa mpamene mtima wanga unawawa koposa, pakuti ndinakumbukira odwala amene ndimawayendera m'makomo, amene sadzalandira miyendo ina. Kodi mnyamata wolumala akaonera zimenezi, apita kwawo ataphunzira chiyani? Kuti ulemu wake udzayamba tsiku limene adzaleke kukhala monga alili?

Mu Januwale 2010 nyuzipepala ya ku Vatican, L'Osservatore Romano, inadandaula kuti kanemayu akupembedza chilengedwe. Kwa ine chodetsa nkhawa nchina: akupembedza mphamvu. Amadzudzula mfuti, koma chigawo chake chomaliza ndi nkhondo yojambulidwa mokoma kotero kuti woonera amaiwala kulira.

Sindikuti musamuonere. Muonereni, musirire luso la amisiriwo, pakuti nlalikulu. Koma magetsi akayaka, dzifunseni kuti ndani m'nkhaniyo anapulumuka akadali wofooka. Ine ndinafunafuna, sindinampeze.