Sisitere Si Mbeta

Wolemba za moyo wa asisitere ndi abulazala amapunthwa pa chiganizo choyamba: munthu wokana banja mwadala timutcha ndani?

Ku Nkhotakota funsoli ndi lakale. Amishoni a UMCA, amene anakhazikika kumeneko mu 1894, ankakhala osakwatira. Mmodzi mwa iwo, Bishopu Chauncy Maples, anamira panyanja mu 1895 ndipo anaikidwa m'tchalitchi cha All Saints. Anthu a kunyanja, kumene mwamuna amadziwika ndi bwato, ukonde ndi ana, anayenera kuupezera dzina moyo wachilendowu.

Mawu ali pafupi ndi "mbeta", koma amanama. Mbeta ili pa chiyembekezo, ankhoswe atha kufika mawa. Sisitere amene wachita malumbiro a moyo wonse sadikira kugogoda kwa munthu. "Namwali" amaloza msinkhu, ndiye agogo ovala velo sakwanamo. "Chipani", dzina limene Akatolika amatchulira gulu la asisitere, limamveka bwino pa parishi, koma m'nkhani yolembedwa limakoka fungo la misonkhano ya ndale.

Mawu amene amagwira mtima ndi "mbindikiro". Ali ndi mizu kuno kwathu. Mtsikana wotha msinkhu amabindikira kuti anamkungwi amulange. Msilamu wa ku Nkhotakota amabindikira mu mzikiti masiku khumi otsiriza a Ramadhani. Choncho ukalemba kuti asisitere a Poor Clares ku Lilongwe ali pa mbindikiro wosatha, owerenga amamva okha kutseka kwa chitseko, bata, ndi kuti mkatimo muli ntchito.

Ngakhale mkazi woperekedwa kwa Chauta si wachilendo kwa Achewa. Ku Msinja kunali Makewana, mayi wa ana onse amene analibe banja lake, ndi matsano omutumikira.

Omasulira Baibulo anatisiyira mawu awiri, "kupatula" ndi "kuyera", m'mayina a Buku Lopatulika la 1922 ndi Malembo Oyera a 1966. "Kuyera" kumakweza munthu mpaka kumuchotsa thukuta, pomwe sisitere amalima, amaphika, amapsa mtima. "Kupatula" nkwa pa nkhokwe. Mayi akamakolola amapatula zitsononkho zabwino n'kuzipachika pamwamba pa moto kuti utsi uziteteze ku anankafumbwe. Chimanga chimenecho sichipita ku chigayo, ndipo palibe amene amati chatayika. Wolemba akamva zimenezi, "mbeta" amusiya yekha.