Ulesi kapena nzeru? Zomwe taona m'buku la Chibaro

Anzathu a m'migodi, mwezi uno takambirana Chibaro, buku la Charles van Onselen la mu 1976, lonena za antchito a m'migodi ya Southern Rhodesia kuyambira 1900 mpaka 1933. Ochuluka ndithu anali ochokera ku Nyasaland.

Bukuli latigwira mtima pa mfundo iyi: munthu akathawa pakomboni kapena kugwira ntchito mwachidodo, abwana ankalemba kuti ndi ulesi. Van Onselen akuonetsa kuti kumeneko kunali kukana malipiro ochepa, chakudya choipa ndi chikoti. Agogo athu ankapatsa migodi maina ochenjeza, kuti mlendo adziwe koyenera kupewa. Choncho sitalaka ya ku Shamva mu 1927 sinangobuka yokha ayi.

Dandaulo lathu nali: mawu a wamgodi tikuwamva kwambiri kudzera m'mapepala a boma ndi makampani. Komatu wokhala muofesi ndi woboola mwala saona mgodi mofanana. Ife timamva thanthwe likayamba kulira lisanagwe. Kalaliki akazimva kuti zimenezo?

Tiwerenge bukuli, inde. Koma tikapita kumudzi pa tchuthi, tikakhale pansi ndi akuluakulu amene anakhalako m'migodi, tilembe zawo akadali moyo. Tikachedwa, mbiri yathu adzatilemberanso ena.