Za Mabuku Opatsidwa kwa Ana a pa Zisumbu

M'caka ca 1954 mai wina wa ku Britain, dzina lace Lady Ranfurly, anali kukhala ku Bahamas, dziko la zisumbu zambiri, kumene mwamuna wace anali bwanamkubwa. Poona kuti ana a pa zisumbu zakutali analibe cowerenga, anayamba kusonkhanitsa mabuku nawatumiza komweko. Nchito ija inakula, ndipo lero ndiyo bungwe lochedwa Book Aid International, limene mabuku ace afika ngakhale kuno ku Malawi. Cifundo cotere ticiyamika ndithu. Koma mphatso iri yonse ya buku iyenera kuyesedwa ndi funso limodzi: kodi mwana analiwerenga?

Funsoli litikhudza ifenso, pakuti tiri nazo zisumbu zathu: Likoma ndi Cizumulu pa nyanja yaikuru, ndi Cisi pa nyanja ya Cilwa. Kumeneko buku silifika msanga, liyamba lalindira ngalawa kapena bwato. Cifukwa cace bokosi loolotsedwa ndi mabvuto otere liyenera kukhala ndi zinthu zoyenera ulendowo.

Tiyeni titsegule bokosi lotere. Kawirikawiri mupezamo mabuku a Cingerezi okhaokha, amene ana a maiko ena anatha nao nchito. Zithunzi zace nzokongola, mapepala ace ngolimba, ndipo pamenepo palibe cotsutsa. Koma nkhani zace nza cisanu coyera cogwa ngati ufa, za zimbalangondo, ndi za sitima zoyenda pansi pa nthaka. Mwana wa ku Cizumulu adziwa bwato, usipa, cilimira ndi mphepo ya mwera. Pomupatsa buku lotere timsenzetsa akatundu awiri pamodzi: alumikize malemba, ndiponso alote tanthauzo la mau acilendo onena za cinthu cimene sanacione. Posacedwa atopa, nangopenya zithunzi, naliika pansi.

Sitinena kuti Cingerezi ncoipa, iai. Ndico cinenero ca mayeso ndi ca maphunziro apamwamba, ndipo mwana adzacifuna. Koma wophunzira kupalasa bwato ayambira m'madzi osaya. Akuru anati, m'mera mpoyamba: mwana akalawa kukoma kwa kuwerenga m'cinenero ca amace, adzalimba mtima kuwerenga cinenero ciri conse.

Likoma yemweyo aticitira umboni. Amishoni a U.M.C.A. atakhazikika kumeneko m'caka ca 1885, anaika makina osindikizira pa cisumbu pomwepo, nasindikiza mabuku m'Cinyanja. Kacisumbu kakang'ono ka miyala kaja kanamveka mbiri cifukwa ca anthu ace odziwa kuwerenga, ndipo kanaturutsa aphunzitsi, ansembe ndi alembi ambiri. Lingaliraninso buku la Nthondo, limene Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba, nalituruka m'caka ca 1933. Mphamvu yace iri pakuti wowerenga azindikira mudzi wace momwemo, ndi mfumu, ndi milandu, ndi mwana wopulupudza amene tonse timdziwa. Buku lotere silifuna womkakamiza mwana.

Pali cirema cinanso, ndipo ici ncathu ife olandira. M'masukulu ena mabuku amphatso atsekeredwa m'kabati kuopa kuti angang'ambike, ndipo mfungulo iri ndi munthu mmodzi. Mlendo akadza aonetsedwa mabuku oyera, nakondwera. M'menemo ciswe ndi cinyontho ziri pa nchito yao. Kunena zoona, buku lodetsedwa ndi zala za ana makumi atatu lagwira nchito yace koposa buku loyera la m'kabati.

Tsono, abale, pamene mumva za copereka ca mabuku a ana a pa zisumbu, kumbukirani zinthu zitatu. Coyamba, afunsidwe aphunzitsi a komweko, pakuti ndiwo adziwa cimene ana ao akhoza kuwerenga. Caciwiri, gawo la ndalama ligule mabuku a cinenero cathu, osindikizidwa m'dziko lino, okhala ndi nthano zazifupi ndi malemba akuru. Cacitatu, pasankhidwe munthu wokhulupirika wosunga mabukuwo, amene adzabwereka ana tsiku limodzi pa sabata, kuti apite nao kwao ndi kuwerengera agogo ao.

Wopereka asakondwere ndi kucuruka kwa mabokosi amene anakwera ngalawa. Akondwere pakumva kuti mwana wina wa pa gombe watsiriza buku lace loyamba, nabwera kudzapempha lina.